Khutu Lamphamvu Liyambe Lakhala Chete

M'mwezi wa June, nkhungu ikakuta Phiri la Dedza, munthu woyenda m'mbali mwa mseu waukulu amadalira makutu koposa maso. Koma wogontha khutu limodzi, ngakhale amve kulira kwa galimoto, sadziŵa kumene ikuchokera, pakuti mbali ya phokoso timaizindikira poyerekeza zimene makutu onse aŵiri amva. Ife timangoti, "Si ali nalo lina?" Kodi apa tikunena zoona, kapena tikungothaŵa udindo?

Madokotala ali ndi kachipangizo kotchedwa cochlear implant, kamene amakaika m'kati mwenimweni mwa khutu kuti kazidzutsa mtsempha wa kumva ndi mphamvu ya magetsi. Kuno ku Malaŵi opaleshoni yoyamba yotere inachitika ku Blantyre m'chaka cha 2014, ndipo mu 2019 bungwe loona za mankhwala ku America linavomereza kuti kazipatsidwanso kwa ogontha khutu limodzi.

Komatu opaleshoni ndi chiyambi chabe. Pakapita milungu ingapo, katswiri amalumikiza kachipangizoko ku kompyuta, nayamba kufunsa: "Apa mwamva? Nanga apa, phokoso lakula kwambiri?" Iye samva chimene wodwala akumva, ayenera kukhulupirira mau ake, ndipo amachuna mobwerezabwereza kwa miyezi. Poyamba mau amamveka achilendo, ngati otuluka m'chitini, ndipo wodwala akaŵayerekeza ndi a m'khutu labwino lija amatha kutaya mtima. Nchifukwa chake amalangizidwa kupatula nthaŵi yomvetsera ndi khutu lofookalo lokha, mau akuloŵa molunjika m'kachipangizo, khutu lamphamvu lisakumva kanthu. Akapanda kutero, ubongo umangotsamira kumene unazoloŵera.

Abale, phunziro lili pamenepa. Wofooka saphunzira pamene wamphamvu sapereka mpata. M'mabanja ndi m'miphakati mwathu muli makutu amphamvu: ife odziŵa kuŵerenga, ife a pakamwa pothwa, amene timayankha funso lisanathe. Mulinso mayi wamasiye wokhala kumbuyo, ndi mnyamata wochokera ku sukulu ya ogontha ya ku Mua, amene timaŵalankhulira tisanaŵafunse. Timayesa kuti ndi chifundo, chonsecho taŵalanda malo. Msonkhano umatha msanga, inde, koma mpingo umatsala wakumva mbali imodzi, wosadziŵa kumene kulira kukuchokera.

Wina adzati: nanga tichedwerenji, poti ntchito ikuyenda? Tikumbukire za m'munda wa Getsemani. Petro atadula khutu lakumanja la Malkusi, Ambuye, adani ataŵazinga kale, anapeza nthaŵi yolichiritsa. Sanaŵerengere kuti kapoloyo anali nalo lina.

Tsono pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu, tiyeni tiyese chinthu chovuta: tifunse amene sayankhula kaŵirikaŵiri, tidikire mpaka amalize, ndipo tikhulupirire zimene atiuze.