Kodi Wophunzira Aphunzirire Pakhomo pa Yani?

Amayi anzathu, chidutsireni namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene akumanganso nyumba sakufunanso pansi pozira. Amene angathe akuthira simenti, ndipo ena ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula afika poika matailosi m'khitchini. Sitikuwanena. Ife amene tidagwirako ntchito ya unamwino tikudziwa ubwino wa pansi potsukika ndi sopo pamalo pokonzera chakudya. Vuto n'lakuti amisiri odziwa ndi ochepa, ngodulanso, kotero ntchito imagwera mnyamata amene adangoonererako kawiri katatu, mwina mdzukulu wathu yemwe. Kodi n'chilungamo kuti munthu aphunzirire ntchito pa ndalama za mnzake?

Tisafulumire kuyankha tisanaone chimene wophunzirayo angaononge. Tailosi ilibe mphamvu payokha, imadalira chimene chili pansi pake. Simenti yatsopano imafunika ikhale pafupifupi masiku 28 kuti ikhwime, ndipo pansipo pakhale posalala, popanda fumbi kapena mafuta. Kuno kwathu n'kovutirapo. Dothi la makande la ku Ngabu limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Maziko akagwedera, tailosi imatsatira. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndiye guluu wa matailosi amauma pamwamba munthu asanamalize mzere. Wodziwa amapaka malo ochepa basi, amakoka chingwe kuyambira pakati pa chipinda, amasiya timipata pakati pa matailosi ndi kampata m'mbali mwa khoma kuti akatentha asakankhane. Wosadziwa amaponya guluu m'makona anayi ndi pakati, ntchito n'kuoneka yokongola. Pakapita miyezi, mwendo wa mpando kapena mtondo ukagunda pamphako, tailosi ija phwaa! Ndipotu katunduyo wachokera ku Blantyre, watsika phiri lonse lija mpaka pa Thabwa, mtengo wa galimoto uli pamwamba.

Ena angati yankho n'losavuta, wophunzira asakhudze. Ife sitingavomereze. Palibe namwino amene adabadwa akudziwa kubaya jakisoni kapena kupeza mtsempha wa mwana wofooka. Tonse tidaphunzirira pa mkono wa munthu wamoyo, womva kuwawa. Anthu aja akadakana onse, bwenzi lero m'zipatala mulibe manja odziwa. Achinyamata athu nawonso akapanda kupatsidwa pogwira, tidzakhala tikuitanitsa amisiri kutauni mpaka kalekale, iwo ali khale pamsika. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Komabe pali china chimene chinkatisautsa m'mawodi, ndipo tichinene poyera. Kawirikawiri wophunzirirapo ankakhala wosauka, agogo akumudzi osatha kufunsa kuti, "Kodi inu ndinu ndani?" Wandalama ankaitanitsa wamkulu. Zomwezi zikuchitika ndi matailosi. Mnyamata saopa kuyesera pakhomo pa mayi wamasiye amene wasonkha ndalama kubanki m'khonde chaka chathunthu, chifukwa akudziwa kuti mayiyo sakamutengera kwa amfumu. Kwa abwana sayerekeza. Apa cholakwa si kuphunzira ayi, koma kusankha wofooka kuti ndiye alipire sukulu yako, iye osadziwa.

Chimene chinkateteza wodwala kwa ife ophunzira n'chakuti tinkavala yunifolomu yosiyana, ndipo sisitala ankaima pambali. Wodwala ankadziwa amene akumugwira. Mnyamata wa matailosi alibe yunifolomu, choncho pakamwa pake ndiye payenera kunena: "Mayi, ntchitoyi ndangoyamba kumene." Akatero, mwini nyumba ali ndi ufulu wovomera kapena kukana, ndipo mtengo utsike molingana. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lilipo kaamba ka maphunziro a ntchito zamanja, koma si onse angafikeko; mmisiri wachikulire wa m'dera mwathu atha kupemphedwa kudzaona mizere iwiri yoyamba, timupatse kangachepe.

Nafenso eni khitchini tili ndi mlandu wathu. Timafuna wophunzira chifukwa ngotchipa, koma akalakwitsa timamunena pachitsime ngati tidalemba katswiri. Tikavomera, tigule matailosi oonjezera, imodzi pa khumi aliwonse, chifukwa ena adzasweka podula. Ayambire m'kachipinda kosungira ufa, kumene diso la mlendo silifika. Tisamuumirize kumaliza lero chifukwa mawa kukubwera apongozi. Pansipo pasapondedwe tsiku lathunthu.

Chimodzi chokha tisamusiyire kuti asankhe: mtundu wa tailosi. Anyamata amakonda zonyezimira ngati galasi. Tidasamalirapo amayi achikulire othyoka fupa la m'chiuno chifukwa choterereka, ndipo ena mwa iwo sadayendenso. M'khitchini mumatayika madzi, thelere ndi mafuta tsiku lililonse. Pogula, nyowetsani chala, mukhule pamwamba pa tailosiyo. Ikaterera, isiyeni m'sitolo momwemo ngakhale mwanayo anyinyirike.