Safunsa Anadya Phula

Makolo athu, poona kuti munthu wothamangira kuweruza asanamve umboni amadzigwetsa yekha m'mavuto, anati safunsa anadya phula. Ndipo mawu amenewa amandigwira mtima ndikaona mmisiri akulimbana ndi Witty Pi, kachipangizo kamene amakamangirira pamwamba pa kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi kuti kaziidzutsa ndi kuigoneka pa nthawi zoikika.

Kompyutayo ikalephera kudzuka m'mamawa, ambiri amafulumira kutsutsa kachipangizoko, ena mpaka kutaya ndalama kugula kena, chonsecho mboni yokhulupirika ili chikhalire m'fayilo yotchedwa wittyPi.log, mmene mizere imayamba ndi tsiku ndi ola lake. Wofunsa modekha adzapezamo ngati makinawo anazimitsidwa ndi ndondomeko ya nthawi zoikika zija, kapena ndi chala cha munthu pa batani, kapena chifukwa mphamvu ya magetsi inatsika. Ndipo akaona kuti tsiku lolembedwalo likusiyana ndi la pakalendala, adziwe kuti wotchi ya kachipangizoko yasokera, mwina kabatire kake katha, pakuti ndondomeko, ingalembedwe bwino chotani, imamvera wotchiyo. Za ola limene makinawo anauzidwa kudzukanso, akafunse fayilo inzake, schedule.log.