Za Njinga Zitatu ndi Mtima wa Wozigula

Palibe mudzi kuno kwathu umene sudziwa njinga. Yatinyamulira chimanga kunka kuchigayo, yatitengera odwala kuchipatala usiku, ndipo anyamata ambiri a kabaza adyetsa nayo ana awo. Koma mwezi uno tifuna kukamba za mtundu wina wa njinga, umene ambiri a ife tingouona ulikudutsa pa msewu wa tala ngati mphepo: njinga ija yopepuka, ya matayala oonda, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, imene wokwerapo awerama monga wopalira m'munda. Njinga imeneyi sinapangidwire katundu, inapangidwira liwiro. Ndipo popeza anyamata athu ena ogwira ntchito m'matauni ayamba kuikhumbira, ena nagula zakale zochokera kunja, tayesa nkwabwino kuti tilingalire pamodzi funso limene wogula aliyense akomana nalo pakhomo la sitolo, lakuti, Ndigule iti? Funsoli lioneka ngati la zitsulo ndi ndalama, koma pansi pake pagona funso lina lakale ndithu, ndilo lakuti, Chokwanira munthu nchiti?

Tiyerekeze kuti talowa m'sitolo yaikulu ya njinga, monga zija za ku Johannesburg kapena ku London, ndipo wogulitsa watiimikira njinga zitatu. Poziona patali zifanana ngati ana a mimba imodzi. Yoyamba felemu yake ndi ya aluminiyamu, kumbuyo ili ndi magiya 8, mabuleki ake akokedwa ndi waya, ndipo ilemera makilogalamu 10 kapena 11. Yachiwiri ili ndi magiya 11 kapena 12, ipepukirapo pang'ono, ndipo mtengo wake uposa wa yoyamba kawiri kapena katatu. Yachitatu felemu yake ndi ya kaboni, ndiwo ulusi wolimba woumbidwa pamodzi ndi ulimbo wa mtundu wina. Magiya ake asinthidwa ndi mphamvu ya batire, munthu angokhudza ndi chala. Kulemera kwake kuli pafupi ndi makilogalamu 7. Koma mtengo wake ungagule njinga khumi zonga yoyamba ija, kapena kuposa. Tsono wogula aima pakati pa zitatuzi, dzanja lili m'thumba, ndipo mtima wake uyamba kutsutsana wokha.

Kuti timvetse kusiyanaku, tidziwe kuti opanga njinga ambiri sasula okha magiya, matcheni ndi mabuleki. Agula kwa makampani owerengeka. Yaikulu mwa iwo ndi Shimano, imene inayamba mu 1921 ku Sakai m'dziko la Japan. Palinso Campagnolo ya ku Vicenza m'dziko la Italy, ya mu 1933, ndi SRAM ya ku Chicago ku America, ya mu 1987. Kampani iliyonse yasanja zipangizo zake ngati makwerero. Kwa zaka zambiri makwerero a Shimano anakhala otere: pansi Claris, pamwamba pake Sora, kenaka Tiagra, 105, Ultegra, ndipo pansonga penipeni Dura-Ace, imene akatswiri a mipikisano yaikulu ayenda nayo. Pa sitepe iliyonse magiya achuluka kapena zitsulo zipepuka, kusintha giya kufewa, ndipo mtengo ukwera. Koma taonani ichi: pansi pa makwerero ndalama pang'ono zigula kusiyana kwakukulu, pamene pamwamba ndalama zambiri zigula kusiyana kochepa. Ultegra ndi Dura-Ace zigwira ntchito mofanana ndithu. Chimene wogula alipira pa sitepe yotsirizayo makamaka ndi magalamu mazana owerengeka ochotsedwa pa kulemera, pamodzi ndi dzina lolembedwa pa chitsulo. Ndipo makwerero ali ndi khalidwe lawo: amene waimapo sayang'ana pansi kumene wachokera, maso ake ali pa sitepe yotsatira.

Tisanamize munthu: njinga yodula ili bwinodi, ndipo oipanga sali onyenga. Alipo anthu amene kwa iwo kanthu kakang'ono ndi nkhani ya chakudya cha mawa. Mu 1989, pa mpikisano wa Tour de France, Greg LeMond wa ku America anapambana Laurent Fignon wa ku France ndi masekondi 8 okha, atapalasa milungu itatu mtunda woposa makilomita 3,000. Munthu wotere akafuna chipangizo chopambana zonse sachita matama, monganso mmisiri wa matabwa sachita matama pogula sowo yabwino, pakuti ndiyo imdyetsa. Koma ngakhale iwowa anawaikira malire: mu 2000 bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse, la UCI, linalamula kuti njinga ya mpikisano isapepuke kupyola makilogalamu 6.8. Ngati akatswiri anaikiridwa malire ndi lamulo, nanga ife amene tilibe wotiikira, sitiyenera kudziikira tokha kodi?

Tiyeni tiwerenge pang'ono monga ana a sukulu. Munthu wolemera makilogalamu 70 akakwera njinga ya makilogalamu 10, miyendo yake ikankha makilogalamu 80. Akagula njinga yopepukirapo ndi kilogalamu imodzi, wachotsa gawo limodzi mwa magawo 80 a katundu wake. Pa chitunda chimene akwera mphindi 40, phindu lake silingapose theka la mphindi. Pa malo athyathyathya phindulo lichepa koposa, pakuti kumeneko mdani wamkulu ndi mphepo yokankha pa chifuwa, ndipo gawo lalikulu la mphepoyo ligunda thupi la wokwera, osati njinga. Theka la mphindi ndi chuma kwa munthu wonga LeMond. Koma kwa mphunzitsi amene apalasa Loweruka m'mawa kuti alimbitse thupi, theka la mphindi nchiyani? Akaima panjira kupatsa moni ambuye ake a m'mudzi, lathera pomwepo.

Tikumbukenso za makedzana. Mpikisano woyamba wa Tour de France unachitika mu 1903, ndipo Maurice Garin anaupambana atayenda makilomita 2,428 pa misewu ya fumbi ndi miyala, pa njinga yachitsulo yopanda magiya osintha. Chipangizo chosinthira magiya munthu ali chikhalire pa chishalo sichinaloledwe kwa akatswiri a mpikisanowo kufikira mu 1937. Mu 1990 Shimano inatulutsa pa Dura-Ace zogwirira zimene zigwira buleki ndi kusinthanso giya dzanja lisanachoke pa handulo. Nthawi imeneyo chinali chozizwitsa cha akatswiri okha, koma patapita zaka chinatsikira mpaka ku Claris, sitepe ya pansi. Chimodzimodzinso magiya a batire: anaoneka pa Dura-Ace mu 2009, nafika pa 105 mu 2022. Potero njinga imene mnyamata wa lero achita nayo manyazi chifukwa ili ya pansi pa makwerero, ili ndi zinthu zimene Garin sanazilote nkomwe, ndi zimene akatswiri a zaka za m'ma 1980 analibe. Tsono manyaziwo achokera kuti? M'njingamo mulibe, pakuti iyenda bwino lomwe. Abadwa pamene mnzake waimika yake pambali. Ichi ndicho choopsa: chinthu chimene chinatikondweretsa dzulo chisanduka chowawa lero, chosasinthika kanthu, kungoti taona cha wina. Munthu wogwidwa ndi nthenda iyi sachira pogula, pakuti chaka chamawa kudzatuluka china chatsopano, ndipo nthendayo idzayambanso.

Koma wina asatimve ngati tinena kuti chotsika mtengo ndicho chanzeru nthawi zonse. Pali njinga zina zopakidwa utoto wowala, zolembedwa monama maina a makampani otchuka, zimene zigulitsidwa motchipa kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masipoko ake aduka mwezi usanathe, magiya alumpha, ndipo mabuleki sagwira mvula ikagwa. Amene anatsikapo phiri la Zomba kapena zokhota za pa Chiweta adziwa kuti buleki ndi moyo. Munthu woumira ndalama pa mabuleki, pa matayala ndi pa chisoti chotchinjiriza mutu sali wosunga chuma. Aika moyo wake pa chiswe, pamodzi ndi moyo wa mwana amene adzadutsa msewu patsogolo pake. Kuumira ndi kunyada ndi pachibale, pakuti zonse ziwiri ziyang'ana mtengo wa chinthu, niziiwala ntchito yake. Ndiponso sititsutsa kukondwera ndi chinthu chopangidwa mwaluso. Munthu amene apalasa masiku ambiri a mlungu, wopanda ngongole, ana ake ali pa sukulu ndi nkhokwe yake ili yodzala, akagula njinga yabwino chifukwa aikonda, sanalakwire munthu. Ayende nayo mokondwera.

Nanga tisankhe bwanji? Tipereka mafunso asanu, kuti wogula adzifunse yekha ndalama zisanatuluke m'thumba.

Loyamba: Ndidzayenda nayo kuti? Mawu akuti "yabwino koposa" alibe tanthauzo tisanatchule ntchito yake. Njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linaikonzera misewu ya kumidzi, ndi yolemera, koma kaliyala wake asenza makilogalamu 100. Pa njira ya kuchigayo iposa kutali njinga yachitatu ija, imene ilibe ngakhale poika thumba. Ngati kwanu tala ali kutali, matayala oonda adzakuvutani pa miyala ndi pa mchenga. Funani felemu yolola matayala otakata.

Lachiwiri: Ikaonongeka adzaikonza ndani? Chitsulo chikathyoka, wowotcherera wa pa msika achilumikiza. Kaboni akasweka afuna mmisiri wapadera amene sapezeka pafupi. Matcheni a magiya 8 apezeka msanga ndi pa mtengo wochepa. A magiya 12 ndi oonda, odula, ndipo kawirikawiri aitanitsidwa kutali. Mabuleki oyendera mafuta afuna mafuta ake ake ndi zida zake, ndipo magiya a batire afuna magetsi. Njinga yokhala miyezi itatu itatsamira khoma, kudikira kachitsulo kochokera kunja, ichepa kwa njinga wamba yoyenda tsiku ndi tsiku.

Lachitatu: Kodi ilingana ndi msinkhu wanga? Mafelemu apangidwa aakulu ndi aang'ono monga nsapato. Ambiri ogula njinga zakale akopeka ndi dzina lolembedwa pa magiya, natenga felemu yosayenerana ndi thupi lawo, ndipo malipiro awo ndi msana, khosi ndi maondo opweteka. Njinga yotchipa yokuyenerani iposa yodula yokukulirani.

Lachinayi: Ndalamazi nza yani? Wina adzati, Ndinazikhetsera thukuta ndine, ndani angandiletse? Inde, thukuta ndi lanu. Koma ndalama ya munthu wa pabanja ili ndi eni ake ambiri. Mwana adikira fizi, munda udikira feteleza, amayi okalamba adikira kumudzi, ndipo denga lidontha. Amene akongola katapila kuti akwere sitepe imodzi ya makwerero wapeputsa njinga, nalemeretsa nyumba. Ndipo amene abisira mkazi wake mtengo weniweni wa njinga wadziweruza yekha, pakuti chimene tichita manyazi kuchitchula kunyumba, mtima wathu wachitsutsa kale.

Lachisanu, ndilo lovuta koposa: Akadafafaniza maina onse pa zitsulo, ndipo mukadayenda nayo m'bandakucha popanda wokuonani, kodi mukadaifunabe? Ngati mtima uyankha kuti inde, mukonda kupalasa, ndipo chikondi chimenecho chilibe mlandu. Koma ngati chilakolako chazirala pomva funsoli, dziwani kuti munafuna kugula maso a anthu; ndipo maso a anthu sagulidwa kamodzi, pakuti mawa atembenukira kwa wina.

Ife tikadafunsidwa ndi mnyamata woyamba kumene, tikadamlangiza agule njinga yoyamba ija, ya opanga okhulupirika ndi yolingana ndi msinkhu wake, ndipo ndalama zotsala agulire chisoti, nyali, pampu, machubu ndi matayala abwino. Ayende nayo chaka chathunthu. Akadzatha matayala awiri kapena atatu, miyendo yake idzamuuza chimene chisowa, ndipo uphungu wa miyendo uposa wa wogulitsa. Amene wayesedwa motero, napeza kuti apalasabe m'nyengo yozizira ndi yotentha, angathe kukwera kufikira yachiwiri ija mtima wosamtsutsa, ngati nyumba yake ilola. Yachitatu tiwasiyire iwo amene chakudya chawo chili m'masekondi. Makolo anati, Kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa. Ndipo pa chitunda chimene chimfikitsa munthu pamwamba ndi khama la m'mawa wambiri umene anadzuka ena ali mtulo.

Zimene tanena za njinga, owerenga athu adziwa okha kuti zikhudzanso foni, wailesi ndi suti ya ukwati, pakuti msika wonse wa masiku ano wasanjidwa ngati makwerero. Wodala munthu amene adziwa sitepe yake, naimapo mosachita manyazi ndi mosachitira mnzake nsanje. Tsalani bwino, abale, ndipo amene ali ndi njinga kale, yamtundu uliwonse, aipukute ndi kuithira mafuta.