Kodi mzimu wa mtchona umaidziwa njira ya kwawo?

Cha m'ma 1915, mnyamata wina wa ku Kasungu ananyamuka wapansi kulowera kum'mwera. Anagwirapo ntchito ku Hartley, m'dziko la Southern Rhodesia, kenako nakafika ku Johannesburg. Dzina lake Kamuzu Banda. Iye anabwerera kudziko lakwawo pa 6 Julaye 1958.

Ambiri amene anatsata njira yomweyo sanabwerere. Anthu amawatchula kuti machona. Ena anafera m'njira: mu Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito yakumigodi, inagwa ku Francistown, ndipo Amalawi 74 ochokera kumigodi anathera pomwepo.

Kwa Mchewa, imfa yotere imasiya funso lowawa. Munthu amayenera kugona kumanda a kwawo, pafupi ndi makolo, kumene abale angamukumbukire ndi nsembe. Nanga woikidwa kutali, mzimu wake umakhala wa mudzi uti? Abusa amati Mulungu sasokera manda, ndipo akunena zoona. Komatu ngakhale akuluampingo amasonkha nawo ndalama zonyamulira maliro kuchokera ku Joni.

N'chifukwa chake pamsewu wa M1, pomwe malole a fodya akutsikira ku Kanengo, nthawi zina mumakumana ndi galimoto yokoka kangolo ka bokosi ikukwera kulowera ku Kasungu.