Mwana akabwera kunyumba ndi chigaza cha ku Kabwe m'kope

*Uthenga wa sabata ino*
Werengani: Danieli 1 yense, ndi Genesis 2:7

 Uthenga wa lero watalikako. Osadandaula za bundle, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha.

Lachitatu lapitali titatuluka m'mapemphero, amayi ena a mumpingo mwathu anandiimitsa pakhomo. Andilola kunena nkhaniyi, koma dzina ayi. M'manja anali ndi kope la mnyamata wawo wa Grade 8, masamba atatu atang'ambidwa. Anang'amba ndi atate ake a mwanayo. Pa masambawo panali chithunzi chija mumachidziwa, cha nyama yoyenda chowerama imene ikunka niwongoka mpaka kukhala munthu, ndi maina ovuta aja: Proconsul, Zinjanthropus, Homo habilis, Broken Hill Man. Atate ataona pa nthawi ya nsima anafunsa, "Iwe, ukhulupirira izi?" Mwana ati, "Aphunzitsi akuti zibwera pa mayeso." Basi kope linang'ambidwa pomwepo, ndi mawu akuti m'nyumba muno mulibe mdzukulu wa nyani.

Manje mnyamatayo wasiya kubwera ku gulu la achinyamata. Amake atamufunsa, anayankha motsitsa mawu kuti, "Amama, ngati Baibulo ndi loona, nanga atate aopa chiyani pepala?"

Funso limenelo landisowetsa tulo. Ndipo ndikudziwa kuti nyumba imeneyi si yokha. Ena mwa inu mwandiuza kuti tilembe kalata kwa ahedi. Ena mukuti, dziko lathu si a Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu pa 29 December 1991, ndipo mawuwo analowa m'malamulo a dziko mu 1996, nanga zimenezi zikutani m'kalasi? Ndakumvani. Mtima umene ukufunsa choncho ndi mtima wokonda Mulungu, ndipo sindikuunyoza. Koma ndiloleni ndilankhule nanu ngati m'busa wanu.

Choyamba ndinabwereka buku la Social Studies la mwanayo n'kuliwerenga ndekha, chinthu chimene ambiri a ife sitinachitepo tisanakwiye. Mutu wa chiyambi cha munthu suyamba ndi kunyoza Mulungu. Umaika pamodzi zimene a sayansi amanena, zimene a chipembedzo amanena, ndi zimene makolo ankanena. Ife Achewa tili nayo yathu, ya ku Kaphirintiwa ku mapiri a Dzalanyama, kumene agogo ankati anthu oyamba anaponda pa thanthwe lidakali lofewa n'kusiya mapazi. Mwana wanu akalemba nkhani ya Kaphirintiwa pa mayeso, simumuitanira abusa kuti amupempherere. Mumadziwa kuti wangoyankha funso. Nanga bwanji akalemba za Darwin mukuti wagulitsa moyo wake?

Tsegulani Danieli 1. Mnyamata uyu anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo, n'kulowetsedwa sukulu ya mfumu zaka zitatu. Silabasi sanasankhe yekha. Anaphunzira chinenero ndi mabuku a Akasidi, anthu opembedza milungu ina, mpaka dzina anamusintha. Werengani bwino muone chimene Danieli anakana. Anakana chakudya ndi vinyo wa mfumu, chifukwa zimenezo zikanamudetsa pamaso pa Mulungu wake. Mabuku sanakane. Ndipo tsiku la mayeso, mfumu Nebukadinezara itawafunsa yokha, iye ndi anzake atatu anapambana anzeru onse a dzikolo kakhumi. Vesi 17 likunena poyera kuti amene anawapatsa luntha la mabuku amenewo ndi Mulungu. Mwamva? Mabuku a ku Babulo, luntha la kwa Yehova. Aleluya! Ndipo Danieli yemweyo, atakalamba, ankatsegulabe mazenera n'kupemphera katatu pa tsiku, mikango ili pafupi. Mose nayenso, pa Machitidwe 7:22, anaphunzira nzeru zonse za Aigupto asanaime pa chitsamba choyaka.

Tsono tikambe za chigaza chija, chifukwa ndi chathu. Pa 17 June 1921, anthu okumba mu mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, anapeza chigaza cha munthu wakalekale, cha mphumi yotsika ndi mafupa okhuthala pamwamba pa maso. Atsamunda anachitengera ku London, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum. Boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Mu 2020 akatswiri atachiyezanso anati chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Mano ake ambiri ndi obooka, kotero mwini wake ankalidziwa dzino likamabaya usiku monga inu ndi ine. Ku mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, anafukula mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa mwadala, ndipo mu 2023 analengeza kuti ili ndi zaka 476,000. Kuno kwathu ku chigwa cha Luangwa amatola mafupa a nyama zimene zinatha kalekale, osanduka miyala.

Abale, zinthu izi zilipo. Munthu akhoza kukwera ndege n'kukachiona chigazacho ndi maso. Mukamuuza mwana kuti ndi bodza la azungu kapena kuti Satana anachikwirira kuti atisocheretse, tsiku lina adzapita ku UNZA kapena kungotsegula foni, adzapeza kuti munamunamiza. Ndipo tsiku limenelo sadzataya bodza lokhalo. Adzatayira limodzi ndi Yohane 3:16, chifukwa anazimva pakamwa pamodzi pomwepo. Ichi ndicho ndikuopa ine, kuposa chithunzi cha m'kope.

Pali china chimene ndiyenera kuvomera. Ine ndemwe pa guwa ndinanenapo, anthu n'kuseka, kuti ngati tinachokera kwa nyani, bwanji anyani akuba chimanga m'minda yathu sanasanduke anthu? Mtsikana wina wa Grade 12 anandidikira panja n'kundiuza mwaulemu kuti, "Abusa, bukulo silinena choncho. Limati anthu ndi anyani akuluakulu a lero anachokera ku kholo limodzi lakale, osati kuti wina anabala mnzake." Ndinakafufuza, ndipo anali kunena zoona. Mukhoza kukana chiphunzitsocho, koma muchikane monga chilili. Lamulo loletsa umboni wonama pa Eksodo 20:16 limateteza ngakhale Charles Darwin, amene buku lake la 1859 linayambitsa mkangano wonsewu.

Ndipo mbali ina ya evolution ife alimi timaidziwa kale, dzina lokha ndilo lachilendo. Mukukumbukira chloroquine? Kale ankachiza malungo bwinobwino. Kenako anayamba kulephera, mpaka cha m'ma 2002 ndi 2003 boma linasinthira ku Coartem. Mankhwalawo sanasinthe. Tizilombo tofooka tinkafa, tolimba tinkatsala n'kuberekana, mpaka tolimbato tinadzaza dziko. Zomwezo zimachitika ndi udzudzu, ndi mbozi za m'chimanga mukamapopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka. Namwino amene adzakubayeni jekeseni mawa ayenera kuzidziwa izi, ndipo namwinoyo ndi mwana wanu amene lero mukumung'ambira kope.

Nanga masiku asanu ndi limodzi a pa Genesis 1? Apa ndinene mosabisa kuti ana a Mulungu odzazidwa ndi Mzimu amasiyana. Ena amati ndi masiku enieni a maola 24, ndipo ambiri mumpingo mwathu ali pamenepo. Ena amaona kuti dzuwa likulengedwa tsiku lachinayi, n'kufunsa kuti masiku atatu oyamba ankayezedwa ndi chiyani. Amakumbukanso 2 Petro 3:8 pa za mmene Ambuye amawerengera nthawi. Funso limeneli silinabwere ndi Darwin. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analimbana nalo cha m'ma 400, ndipo anachenjeza Akhristu kuti asamalankhule zosadziwa pa za chilengedwe pamaso pa osakhulupirira, kuopa kuti angaseke Malemba chifukwa cha ife. Francis Collins, dokotala amene anatsogolera ntchito yaikulu yowerenga DNA ya munthu, ndi Mkhristu wovomereza Yesu poyera, ndipo amavomerezanso evolution. Mwina simugwirizana naye. Koma simunganene kuti aliyense wophunzira zimenezi wataya Ambuye.

Mkanganowu ena anaumenya kale ndi makhoti. Ku Dayton, ku Tennessee, mu 1925, mphunzitsi John Scopes anaimbidwa mlandu wophunzitsa evolution n'kulipitsidwa madola 100. Akhristu anapambana m'khoti, koma manyuzipepala a dziko lonse anawaseka, ndipo lamulolo linadzafafanizidwa mu 1967. Ku Kenya, cha m'ma 2006, Bishopu Boniface Adoyo, wa Chipentekoste ngati ife, anatsogolera pempho lakuti mafupa a Turkana Boy asaikidwe poonekera ku museum ya ku Nairobi. Sindikukayika kuti ankafuna kuteteza nkhosa. Koma mafupa obisidwa kuchipinda cha kumbuyo amakhalabe mafupa, ndipo mwana amafunitsitsa kuona chimene mwamubisira. Ndiye chifukwa chake kalata kwa ahedi ine sindisaina. Aphunzitsi athu ambiri ndi okhulupirira anzathu, ena amaimba kwaya ku RCZ, ena ku Katolika, ena muno mwathu. Silabasi sanalembe ndi iwo, ndipo mayeso amachokera ku ECZ.

Pamene ine ndimaima osasuntha ndi apa. Palibe chigaza chimene chingakuuzeni kuti kulibe Mlengi. Fupa likhoza kuyezedwa zaka, koma silinganene chifukwa chake pali chinthu m'malo mopanda kanthu, kapena chifukwa chake mumalira mukachimwa. Mphunzitsi kapena mnyamata wa pa Facebook akanena kuti sayansi yatsimikiza kuti Mulungu kulibe, watuluka mu sayansi, wayamba kulalikira chipembedzo chake, ndipo mwana wanu ali ndi ufulu womuyankha mwaulemu. Genesis 2:7 ikutiuza kuti thupi lathu ndi la dothi, dothi lomwelo lofiira limene timalimamo nshawa. Baibulo silinatinyengererepo za kumene thupi linachokera. Ulemerero wa munthu uli mu mpweya umene Mulungu anauzira, ndi m'chifaniziro chake chimene anatiikamo. Chimenecho sichifukulidwa mu mgodi. N'chifukwa chake mwana wolumala, gogo wosokonezeka mutu, ndi mwana wosabadwa ali ndi mtengo umodzi ndi pulezidenti. Ameni?

Kwa inu atate amene munang'amba kope, ndikudziwa mukuwerenga. Simuli munthu woipa. Munaona ngati mmbulu walowa m'khola ndipo munauka monga mwini khola. Koma Aefeso 6:4 imatichenjeza ife atate za kukwiyitsa ana, ndipo mnyamata wanu wakwiya mwakachetechete, mkwiyo woopsa kuposa wa phokoso. Mugulireni kope lina. Mukhale naye pansi, mumuuze kuti akuphunzitseni maina ovuta aja, mulakwitse kuwatchula, museke naye. Kenako mutsegule Salimo 139, mumuuze kuti amene anamuumba m'mimba mwa amake amamudziwa ndi dzina. Akafunsa funso limene simulidziwa, nenani kuti sindidziwa mwana wanga, tiye tikafunse. Yobu 38 yonse ndi Mulungu kufunsa munthu wolungama mafunso a chilengedwe amene sanathe kuyankha, ndipo Yobu sanatayidwe chifukwa cha zimenezo.

Kwa inu ana a sukulu: funso likati fotokozani zimene a sayansi amanena, lembani zimenezo, mokwanira, ndi maina ndi malo ake. Musalembe vesi pamene afunsa za Homo habilis n'kumayesa kuti mwachitira Yesu umboni. Wochonga adzangodula, ndipo mudzabwereza kalasi. Kufotokoza maganizo a munthu sikumugwadira. Ngati china chakusokonezani mumtima, musachibise poopa kuti tidzati muli ndi chiwanda. Bwerani nacho.

*Tipemphere:* Atate, Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, wa mapiri a Chipata ndi chigwa cha Luangwa, tikuika ana athu m'manja mwanu. Apatseni luntha la Danieli ndi mawondo a Danieli. Chotsani mantha mwa ife makolo, ndipo tsukani pakamwa pathu ku mawu onama, ngakhale onenedwa m'dzina lanu. Dalitsani aphunzitsi athu. Bwezani mnyamata uja m'nyumba yanu. M'dzina la Yesu, Ameni.

Loweruka lino 14 hours tikumana ku tchalitchi, makolo pamodzi ndi ana a Grade 8 mpaka 12. Aphunzitsi awiri a mumpingo mwathu avomera kubwera. Aliyense abwere ndi Baibulo ndi buku lake la kusukulu, ndipo amene akuchita manyazi kufunsa alembe funso pa kapepala, osalemba dzina, aponye m'bokosi pakhomo.