Kodi Digiri ya Anthropology Imabweza Fizi?

Mwana akabwera ndi uthenga woti wasankhidwa kukachita Anthropology ku yunivesite, pakhomo pamamveka nthungululu, kenaka funso limatsatira: "Nanga ukamaliza uzidzagwira ntchito yanji?" Ena amati funsoli ndi la anthu okonda ndalama. Koma mayi amene amalawirira mbandakucha kukazinga mandasi kuti fizi ipezeke ali ndi ufulu wofunsa. Zaka zinayi za fizi, lendi ndi chakudya ndi thukuta la banja lonse, ndipo kawirikawiri azing'ono ake a wophunzirayo amayamba adikira.

Anthropology ndi phunziro la momwe anthu amakhalira: ukwati, maliro, chinamwali, ufumu, kagawidwe ka malo ndi chipembedzo. Wophunzira amazolowera kukhala pakati pa anthu, kumvetsera modekha, kufunsa mwaulemu ndi kulemba zimene waona.

Kunena mosabisa, digiri yoyamba ya phunziroli ilibe khomo lakelake la ntchito monga momwe ulili unamwino kapena uphunzitsi. Si kawirikawiri kuona m'nyuzipepala kampani ikufuna munthu wa Anthropology. Khomo lomwe limatseguka msanga ndi la ganyu wa kafukufuku: kuyenda m'midzi ndi mafunso, kumasulira m'Chingerezi zimene anthu ayankha, pa kontrakiti ya miyezi yochepa. Pulojekiti ikatha, malipiro nawo amatha. Wofuna kukhazikika pa ntchito yophunzitsa ku yunivesite amafunika digiri yachiwiri, pomwe amene anatenga ngongole ya boma akuyembekezeka kubweza. Kubisira makolo zimenezi n'kuwalakwira.

Komabe malipiro ochepa satanthauza kuti ntchito ndi yachabe. Mu 2014 matenda a Ebola atabuka ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, anthu ambiri ankatenga matendawa posambitsa ndi kukhudza mitembo. Azaumoyo ataletsa zimenezi n'kumatenga mitembo mwachangu, mabanja ena anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro mwamseri. Akatswiri a Anthropology anathandiza kufotokoza chomwe abale ankaopa: kutaya wokondedwa wawo popanda mwambo. Njira zoikira maliro zitakonzedwa kuti achibale aziona ndi kupempherera malemu popanda kukhudza thupi, mgwirizano unayamba kubwerera. Kuno kwathu, ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976. Zaka zambiri zimene anakhala akumvetsera akuluakulu zinabala nyumba ya Chamare, yosunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso amisiri osema amene adyetsa mabanja awo ndi luso lawo.

Apa ndiye pagona nkhani. Phindu la maphunziro otere limagwera anthu ambiri, koma fizi imagwera banja limodzi. Mudzi umene wapulumuka ku mliri sutumiza ndalama kwa mayi wa mandasi uja. N'chifukwa chake sibwino kuuza banja losauka kuti lingolipira chifukwa maphunziro onse ndi abwino. Sibwinonso kuuza mwana wa munthu wosauka kuti nzeru zomvetsa anthu ndi za ana a olemera okha. Zikatero, miyambo ya anthu wamba izilembedwa ndi alendo mpaka kalekale.

Chilungamo chikufuna kanthu kumbali zonse ziwiri. Wophunzira auze makolo ake zoona fizi yoyamba isanalipiridwe, atafufuza kwa amene anamaliza kale kuti akuchita chiyani. Akalowa m'kalasi, asadalire pepala lokha. Aphunzire kusanthula manambala pa kompyuta, kulemba malipoti omveka ndi kuyankhula chinenero china monga Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo patchuthi adzipereke ku mabungwe a zaumoyo kapena zachitukuko. Olemba ntchito amalipira luso limene angalione ndi maso. Kusankha phunziroli pongofuna kuvala gauni, pomwe ena akugona ndi njala chifukwa cha fizi, n'kudya thukuta la eni.

Makolo nawo ali ndi ufulu wonena kuti thumba lafika pothera, ndipo palibe tchimo pamenepo. Chimene sayenera kuchita n'kuyesa mwana ngati mbuzi yogulidwa kuti iswe. Womaliza maphunziro amene wakhala chaka chathunthu akuponya makalata osayankhidwa amakhala atasweka kale mtima. Kumuyerekeza tsiku ndi tsiku ndi mwana wa aneba wogwira ntchito kubanki sikumupezera ntchito.

Mwina digiriyi sibweza fizi msanga, ndipo kwa ena siidzabweza yonse. Banja limene lakhala pansi, n'kuwerengera pamodzi ndi kusankha likudziwa zoona, limapirira zaka zoyembekezerazo popanda kulozana zala.