Muyeso wa Cikwere ca Cinkhwe

Munthu akafuna kusunga cinkhwe pakhomo pace, funso loyamba kumfikira ndi la cikwere: cikule motani, cilukidwe ndi waya wanji, cipacikidwe pati. Ambiri ayesa kuti funso limeneli nla mmisiri, loti aliyankhe ndi cingwe coyesera, poyang'ana ndalama ziri m'thumba ndi malo otsala pakhonde. Koma m'kati mwace muli funso lina limene mmisiri sangathe kutiyankhira, ndilo lakuti, kodi colengedwa cimene taciika m'manja mwathu, cosatha kutitsutsa kapena kukatisumira kubwalo, tiri naco mangawa otani? Anthu a ku Livingstone ayenera kulilingalira koposa ena, pakuti mudzi wao uli nayo mbiri pa nkhani imeneyi.

Kumadzulo ndi kumpoto kwa Livingstone, m'nkhalango za tsanya za pakati pa Zambezi ndi Kafue, m'mbali mwa mitsinje ya Ngwezi, Sichifulo, Machile ndi Nanzhila, mukhala kacinkhwe kobiriwira, ka masaya akuda, mlomo wofiira ndi mzere woyera wozinga diso. Utali wace ndi masentimita 14 okha, ndipo dzira la nkhuku likaposa kulemera. Kwao kweni-kweni ndi komweko. Kanalowa m'mabuku a ophunzira m'caka ca 1906, pamene W. L. Sclater anakacha dzina lakuti Agapornis nigrigenis. Mbale wace wa nkhope yofiirira, amene akhala m'cigwa ca Luangwa ndi ku Liwonde m'Malawi, anali atachedwa kale mu 1894 dzina la Lilian, mlongo wace wa Sclater yemweyo; ngakhale ana oinga mbalame m'minda ya mapira anazidziwa zonse ziwirizi kale lomwe, osadikira buku.

Kukongola kwa kambalameka kunasanduka tsoka lace. Ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya unatha mu 1905, ndipo njanji inalumikiza Livingstone ndi madoko a kumwera. M'zaka za m'ma 1920 kampani ya Zambezi Sawmills inalikuyala njanji yina yolowera kumadzulo, kunka ku Mulobezi, kukatuta mitengo ya mkusi, ndipo njira imene inatsegukira matabwa inatsegukiranso ogula mbalame. Kutsidya kwa nyanja kunali anthu ambiri ofuna tizinkhwe m'nyumba zao. Zalembedwa kuti m'masabata anai okha a June ndi July 1929 anagwira mbalamezi 16,000. Boma, limene masiku amenewo linali ku Livingstone komweko, lisanasamukire ku Lusaka mu 1935, linaletsa kuzitumiza kunja mu 1930. Koma unyinji wa kale sunabwererenso. Akatswiri ataziwerenga mu 1994 anapeza kuti zotsala kuthengo zinali ngati 10,000. Ndiko kunena kuti zogwidwa m'mwezi umodzi zinaposa mtundu wonse umene unatsala patapita zaka 65.

Sindinena kuti misampha yokha ndiyo inacita ici. Mitsinje ya kumeneko iuma msanga koposa kale, maiwe acepa, ndipo alimi ambiri anasiya mapira ndi mawere nayamba cimanga, cimene sicithandiza mbalame ya mlomo waung'ono monga mbeu zija. Sinditsutsanso mlimi wochera kacinkhwe kamene kalikumthera mapira. Iyeyo ali ndi ana oti adye, ndipo mlandu wace ngwomveka. Cimene cindiimika ndi ici: palibe wogula mmodzi amene anatenga 16,000. Yense anafuna ziwiri zokha, yaimuna ndi yaikazi, ndipo ndikhulupira kuti ambiri a iwo anali anthu acifundo, amene anafunsa wogulitsa mosamala kuti cikwere cikule motani. Cifundo cao cinayambira pa khomo la cikwere, cosafika kunkhalango kumene mbalameyo inacokera.

Makolo athu anasunga mbalame, koma taonani masungidwe ao. Khola la nkhunda analimanga pamwamba pa nsanamira kuti vumbwe ndi njoka zisafike, koma khomo lace linali lotseguka; nkhunda zinkauluka usana wonse, ndi kubwera zokha madzulo. Nkhuku nazo zinkapalasa pabwalo mpaka dzuwa litapendeka. Khola linali pobisala usiku, ndipo usana unali wa mbalame. Cikwere ca cinkhwe siciri cotero, pakuti cinkhwe mukacitsegulira sicibwerera; cifukwa cace cikwere cimakhala usiku wace ndi usana wace womwe, caka ndi caka. Ndiponso nkhuku tiisunga kuti tidye, koma cinkhwe sititsata ndiwo kapena mazira, titsata kukondwa kwa maso athu basi. Ndiyesa kuti ici cikuza mangawa athu. Wocotsa colengedwa kwao cifukwa ca njala ali nako kowiringula. Wocicotsa cifukwa ca kukondwa kwace alibe, koma kucipatsa cabwino cimene angathe.

Tsono muyeso wa cikwere sutengedwa pa khonde kapena m'thumba. Utengedwa pa mbalame, monga telala ayesa munthu asanadule nsaru. Tiyeni tiyese kacinkhwe ka masaya akuda kali kwao. Kadzuka m'mphako ya tsanya pamodzi ndi anzace, kauluka kukamwa m'mawa, kadya mbeu za udzu pansi, kapumula pamthunzi dzuwa likakwera, kamwanso madzulo. Mlomo wace sukhala cabe; kasenda makungwa, kadula mapesi, ndipo kakakazi katuta zimenezi kukamanga cisa m'mphako. Sikakhala kokha ndi tsiku limodzi lomwe. Wosunga mbalame yotere wailanda mtsinje, mtengo, mlengalenga ndi anzace, ndipo zonse zinai ayenera kuibwezera monga angathe.

Kunena za kukula, ku Britain anaika lamulo mu 1954, nalibwerezanso mu 1981, loletsa kusunga mbalame m'cikwere cimene singathe kutambasuliramo mapiko ace. Lamulolo nlabwino, koma lingochula malire a nkhanza. Kodi munthu wokhala m'cipinda cimene angathe kutambasuliramo manja, osaposa apo, tinganene kuti ali ndi nyumba? Mbalame iuluka copingasa, sikwera ngati utsi. Cifukwa cace cikwere cacitali m'mwamba koma copapatiza, conga nsanja, cikondweretsa wogula yekha. Cofunika ndi utali wa m'mbali, kuti mbalame inyamuke pa mtengo wina, ikupize mapiko kangapo, ndi kutera pa wina. Kwa tizinkhwe tiwiri ine sindingabvomere cocepera mita imodzi m'litali, ndipo amene ali ndi bwalo acita bwino kumanga khola lalikuru loti iye mwini alowemo ciriri. Cikwere cozungulira ngati mtanga ncoipa ngakhale cikongole, pakuti mbalame yoopsedwa ifuna ngondya yobisalamo, ndipo zala zace zimapanika pamwamba pokomana mawaya.

Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Zikwere zambiri zonyezimira ziri ndi imfa m'kati. Cinkhwe cikwera ndi mlomo monga ife tigwira ndi dzanja, cinyambita ndi kutafuna ciri conse cimene cagwira. Waya wa nkhuku ndi waya wina wotuwa wonga malata amapakidwa zinki, ndipo utoto wakale ndi zolumikizira zitsulo zimakhala ndi mtobvu. Mbalame ikameza tizidutswa ta zimenezi idwala pang'ono pang'ono, ifooka, isanza, mwini wace nayesa kuti ndi tsoka cabe. Citsulo cosacita dzimbiri ndico cabwino, ngakhale mtengo wace ngwowawa. Mipata ya pakati pa mawaya isapose sentimita imodzi ndi theka kwa kacinkhwe kakang'ono, pakuti mpata wolowa mutu suutulutsa nthawi zonse, ndipo pamene papita mutu wa mbalame papitanso khoswe. Mitengo yoterapo ikhale nthambi zeni-zeni za makungwa, zina zonenepa zina zoonda, kuti mapazi asacite zironda. Ikatafunidwa musadandaule, ndiyo nchito yace. Citseko cikhale ndi loko weni-weni, cifukwa cinkhwe cimaphunzira kutsegula kambedza msanga koposa mwana.

Malo opacika nao ali ndi mlandu. Amene akhala ku Livingstone adziwa dzuwa la October. Mbalame ya kuthengo ilithawira m'masamba, koma ya m'cikwere iri pomwe mwaiika. Mbali imodzi ikhale ya mthunzi tsiku lonse, yotsamira khoma. Musaiike kukhichini kapena pafupi ndi mbaula, pakuti cifuwa ca mbalame sicipirira utsi umene munthu saumva nkomwe, ndipo mpweya wocoka m'mapoto amakono osamatirira, akapsa pamoto opanda kanthu, uipha m'kanthawi. Peyala, limene ena alicha kotapela, ndi poizoni kwa zinkhwe. Madzi akhale atsopano m'mawa ndi madzulo, monga kumtsinje kuja.

Cotsala ndico cobvuta koposa, ndipo sicigulidwa kusitolo. Cinkhwe cacikuru cotuwa ca mcira wofiira, coturuka m'nkhalango za Congo, cimene anthu acikonda cifukwa ca kuyankhula, cikhoza kukhala ndi moyo zaka 40 ndi kuposa. Wocigula ali mnyamata akhoza kucisiyira adzukulu. Cikakhala cokha masiku ambiri, copanda cocita ndi mnzace woyankhula naye, cimayamba kudzizula nthenga mpaka cifuwa cikhala poyera. Tikamva cikuchula maina a ana a pakhomo timaseka. Koma kuthengo mbalameyi iitanizana ndi gulu lace, ndipo mau athu iwaphunzira popeza gulu lace latsala ndife. Kufunidwa kwace kunaithetsa m'madera ambiri, kotero kuti mu 2016 maiko a pangano la CITES, atasonkhana ku Johannesburg, analetsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kuthengo. Panali patapita zaka 86 cicokere lamulo la ku Livingstone.

Wina adzati, ngati ziri tero, palibe cikwere cokwanira. Titsegule zitseko zonse, mbalame zimuke. Mau ace oyambawo ngoona, ndipo sindiwabweza: palibe cikwere cofika pa muyeso wa nkhalango. Koma otsirizawo sindiwabvomera. Mbalame yobadwira m'cikwere, imene amace ndi agogo ace anabadwira momwemo, sidziwa kumene kuli madzi, sidziwa kabawi. Kuitsegulira ndiko kuipereka kwa mphaka, ife ndi kutsala ndi mtima woyera wabodza. Ikapulumuka ingathe kutengera anzace a kuthengo nthenda ya mlomo ndi nthenga imene ifala m'zikwere, kapena kuswana ndi mtundu wina ndi kusokoneza wocepa watsalawo. Pali mafunso awiri tsono, ndipo tisawasakanize. Mbalame imene iri kale m'manja mwa anthu, mangawa athu ndiwo kuikuzira malo ndi kuisunga mpaka imfa yace, tingatope bwanji. Koma imene ikali m'mphako ya tsanya, cikwere coiyenera palibe, cingakule motani.

Cifukwa cace wofuna kugula afunse za mbalame asanafunse za waya. Inabadwira kuti? Woweta wace ndani, ndipo makolo ace ali kuti, ndiwaone? Oweta okhulupirika amabveka anapiye kamphete kosadula kumwendo, kamene sikangalowe mbalame itakula. Afunsenso ku ofesi ya boma yoyang'anira nyama za kuthengo ngati mtunduwo uloledwa kusungidwa, ndi kalata yace. Wogulitsa m'mbali mwa mseu, amene ali ndi tizinkhwe tambiri m'katoni, tocita mantha, ta nthenga zomatirira ulimbo, sadzayankha mafunso amenewa. Ndidziwa kuti mtima umati ndigule kamodzi ndikapulumutse. Koma ndalama imeneyo ndiyo idzamtuma kunkhalango mawa.

Amene angofuna kuona kacinkhwe ka masaya akuda, nyengo yace ndi cirimwe, pamene madzi atsala m'maiwe owerengeka a Machile ndi Sichifulo. Afike mbanda kuca, ng'ombe zisanaturuke m'makola, akhale pansi capatali ndithu. Pakuti mbalamezi zimayamba zasonkhana m'mitengo ya pafupi ndi kuyang'ana, ndipo zikaona munthu pamadzi sizitera.